Mphepo, mapiko ndi malamulo: zimene anthu amandifunsa za magalimoto a Formula 1

Lamlungu likakhala la mpikisano, timasonkhana Amalawi angapo m'nyumba ina ku Rosettenville, mumzinda wa Johannesburg ku South Africa, TV ili pa SuperSport, nsima ili pamoto. Poti ine ntchito yanga ndi yowongola mabodi a magalimoto ogundidwa, anzanga anangogamula okha kuti funso lililonse lokhudza maonekedwe a galimoto lizigwera ine. Mafunso ake ndi omwewomwewo chaka ndi chaka, ndipo amachuluka malamulo akangosintha. Ndawaika pamodzi apa, kuyambira opepuka mpaka ofuna kukhala pansi.

Galimoto yoyenda pansi ikufuniranji mapiko?

Tsiku lina mukakwera takisi pa M1, tulutsani chikhatho pawindo, koma mosamala. Mukadzutsa zala pang'ono, mphepo imakankhira dzanja m'mwamba. Mukaziweramitsa, imalikanikizira pansi. Phiko la ndege limachita choyambacho. La galimoto ya mpikisano ndi phiko lomwelo koma lozondotsa, kuti mphepo izipanikiza galimoto pa phula. Mphamvu imeneyi ndi imene owulutsa mpikisano amaitchula downforce.

Nkhani yonse yagona pa matayala. Tayala limagwira msewu molingana ndi mmene lapanikizidwira. Mutha kusenzetsa galimoto matumba a simenti, matayala n'kugwiradi, koma katunduyo adzakusautsani ponyamuka, pomanga mabuleki ndi pokhota. Mphepo imapanikiza popanda kukusenzetsani kanthu. Ndipo mphamvu yake imakula msanga kuposa liwiro: liwiro likawirikiza kawiri, iyo imawirikiza kanayi. N'chifukwa chake pa kona yothina, pamene galimoto imachita kukwawa, mapiko sathandiza kwenikweni, koma pa kona yotambasuka dalaivala amadutsa phazi lili pansi.

Chaulere palibe. Phiko lalikulu limagwira mphepo yambiri, ndiye pamsewu wowongoka limakokera galimoto m'mbuyo. Kukoka kumeneku ndiye drag. Mudzaone magalimoto ku Monaco, kumene kuli makona okhaokha: phiko lakumbuyo limakhala ngati chitseko. Akapita ku Monza, kwa misewu yaitali, limapyapyala ngati chikwanje.

Amalemba malamulowa ndani, ndipo bwanji sakhazikika?

Ndi bungwe la FIA, limene likulu lake lili ku Paris, pokambirana ndi eni mpikisano komanso matimu. Buku la malamulo silijambula galimoto ayi. Limangoika malire: apa mutha kuikapo chinthu, apa musaikepo, phiko lisapitirire mamilimita akutiakuti, mphuno isakwere kuposa apa. Zotsalazo ndi za mainjiniya, ndipo iwo amadzaza kampata kalikonse kamene kasiyidwa. Choncho galimoto imene mukuiona pa TV ndi malamulo a chaka chimenecho atavala penti. Munthu wozolowera mutamuonetsa chithunzi chakale, akuuzani chaka chake poona mphuno ndi mapiko basi.

Malamulo amasintha chifukwa cha ngozi, chifukwa cha ndalama, komanso pofuna kuti magalimoto azipitirirana. Zitatuzi sizigwirizana nthawi zonse. Koma chachikulu n'chakuti a FIA amamata nkhokwe, mainjiniya ndiwo makoswe. Olemba malamulo ndi ochepa. Ofufuza kabowo ndi mazanamazana, amalandira bwino, ndipo alibe ntchito ina. Pakatha zaka ziwiri kapena zitatu, nkhokwe imakhala itaboolekanso.

Mapiko anayamba liti?

Mu 1968. Lotus inayamba ndi timapiko ting'onoting'ono ku Monaco, Ferrari ndi Brabham n'kubwera ndi mapiko enieni ku Spa chaka chomwecho. Pasanapite nthawi mapikowo anakwezedwa pa timitengo titalititali kuti akapeze mphepo yabwino kumwamba. Amene anapita ku bwalo la Kyalami, kuno ku South Africa, mu Marichi 1969, pa mpikisano umene anapambana Jackie Stewart, anaona magalimoto ooneka ngati asenza thandala.

Timitengoto sitinali tolimba. Patangopita miyezi iwiri, ku Montjuïc mumzinda wa Barcelona, mapiko a magalimoto onse awiri a Lotus anathyoka pamalo amodzimodzi. Graham Hill anachita ngozi, kenako Jochen Rindt n'kukaomba galimoto ya Hill ija. Onse anapulumuka, koma pa mpikisano wotsatira ku Monaco mapiko aataliwo analetsedwa. Kuyambira pamenepo kachitidwe kake sikanasinthe: mainjiniya apeza nzeru, liwiro likwera, china chake chisweka, lamulo libwera.

Akamati dirty air akutanthauza chiyani? Bwanji wothamanga kwambiri amakanirira kumbuyo kwa mnzake?

Ili ndiye funso lalikulu, ndipo malamulo ambiri a zaka makumi awiri zapitazi anabadwira pano.

Phiko limagwira bwino ntchito likamadula mpweya wodekha. Galimoto ikadutsa, kumbuyo kwake kumatsala mpweya wovunduka, wozungulirazungulira, wofooka. Amene anayendapo kumbuyo kwa lole pa msewu wafumbi wa kumudzi anauona ndi maso mpweya umenewu, poti fumbi limauonetsa. Pa bwalo la mpikisano fumbi palibe, koma kuvundukako kulipo. Galimoto yotsatira ikalowamo, mapiko ake, makamaka lakutsogolo, amasowa chogwira. Dalaivala akakhotetsa chiwongolero, mphuno imafuna kupitabe molunjika. Matayala amayamba kuterereka, akaterereka amatentha, akatentha amatha msanga. Mpweya wolowa kukaziziritsa injini ndi mabuleki nawo umakhala wotentha kale. Ndiye mumamva injiniya akuuza dalaivala pa wailesi kuti abwerere m'mbuyo masekondi awiri kapena atatu. Si mantha ayi, akupulumutsa matayala.

Eni mpikisano anatulutsa manambala pokonzekera malamulo a 2022. Galimoto ya 2021 ikakhala mamita 20 kumbuyo kwa inzake inkataya magawo 35 pa 100 a downforce, ndipo ikayandikira mpaka mamita 10 inkataya magawo 47. Ganizirani kulowa pa kona theka la chogwirira chanu litachotsedwa.

Chosokoneza n'chakuti mpweya womwewo umathandiza pamsewu wowongoka. Anyamata a kabaza amadziwa kuti ukamatira kumbuyo kwa lole njinga imapepuka, poti lole yakuboolera kale mphepo. Galimoto yotsatira imapepukanso chimodzimodzi, n'kuwonjezera liwiro. Koma kuti ipindule iyenera kutuluka pa kona ili pafupi, ndipo pa konapo ndi pamene imatayira mtunda.

Tsono mvetsani ichi. Mpweya wovundukawo subwera mwangozi yokha. Matayala akutsogolo, poti ali pamtunda osaphimbidwa, amavundula mpweya kwambiri, ndipo injiniya aliyense amafuna kuukankhira kunja, kutali ndi galimoto yake. Akatero galimoto yake imathamanga, koma kumbuyo imasiya chisokonezo chotambalala. Palibe injiniya amene amalipidwa kuti athandize wobwera m'mbuyo. Zili ngati kusesa pakhomo pako zinyalala n'kukazisiya pa khomo la mnansi.

Nanga ground effect imene imatchulidwa kawirikawiri ndi chiyani?

Ndi kupanga downforce ndi mimba ya galimoto m'malo mwa mapiko. Mpweya ukapanikizidwa kudutsa pampata wochepa pakati pa galimoto ndi msewu, umathamanga, ndipo mpweya wothamanga umayamwa. Ndi nzeru yomweyo imene imasasula malata padenga mphepo ya mkuntho ikadutsa pamwamba pake, kungoti apa kuyamwako kukuchitikira pansi, ndiye galimoto imamatirira pamsewu.

Colin Chapman ndi anyamata ake a Lotus anazibweretsa ndi Lotus 78 mu 1977, ndipo Mario Andretti anatenga chikho cha 1978 ndi Lotus 79. M'mbali mwa galimoto anaika masiketi okhuza msewu kuti mpweya wakunja usalowe pansi n'kuwononga kuyamwako.

Apa pamalowa munthu wa dziko lino. Gordon Murray, wobadwira ku Durban, anali wojambula magalimoto a Brabham, ndipo injini yawo inali yotambalala moti njira ya Lotus sinkatheka bwino. Iye anaika chifani chachikulu kumbuyo kwa galimoto, n'kuuza akuluakulu kuti ntchito yake ndi yoziziritsa injini. Chinkaziziritsadi, koma chinkayamwanso mpweya wapansi. Niki Lauda anapambana nayo ku Sweden mu 1978, matimu ena anakwiya, ndipo mwini timu Bernie Ecclestone anaichotsa itangothamanga mpikisano umodzi womwewo. Mu 1981 lamulo linati galimoto ikhale masentimita 6 pamwamba pa msewu. Murray yemweyo anapanga galimoto imene inkadzitsitsa ikamathamanga, n'kudzukanso ikamabwerera kokayezedwa. Nelson Piquet anatenga chikho chaka chimenecho.

Vuto la ground effect ya nthawi imeneyo linali lakuti siketi ikanyamuka pa bampu, mphamvu yonse inkachoka nthawi imodzi galimoto ili pakati pa kona. Mu 1983 analamula kuti mimba ya galimoto ikhale yafulati. Nzeruyi inabwereranso mu 2022, monga muone m'munsimu.

N'zoona kuti pansi pa galimoto pali thabwa?

N'zoona. Linabwera mu 1994, Roland Ratzenberger ndi Ayrton Senna atamwalira ku Imola. Galimoto ikatsika kwambiri imayamwa kwambiri, ndiye a FIA anamangirira pansi pake thabwa lokhuthala mamilimita 10. Lamulo linati likaperepeseka kuposa milimita imodzi, ndiye kuti munatsitsa mopyola. Michael Schumacher anapambana ku Spa chaka chomwecho n'kulandidwa chipambano chifukwa cha thabwali, ndipo Lewis Hamilton ndi Charles Leclerc anachotsedwa pa zotsatira ku Austin mu 2023 pa mlandu womwewo. Masiku ano silikhalanso la mtengo weniweni, ndipo moto umene mumauona ukuthetheka usiku umachokera ku tizitsulo ta titanium tokhomedwa m'thabwamo.

Bwanji zaka zina magalimoto ankaoneka onyansa chonchi?

Alamu anga, amene amakonda Ferrari kuposa nsima, amafunsa funsoli nthawi zonse akaona zithunzi za 2014. Yankho lake n'lakuti palibe amene anakhala pansi kujambula chonyansa. Kunyansako kumabadwa pamene lamulo likukokera uku, mphepo ikukokera uko.

Tengani mphuno. Mainjiniya amafuna mphuno yokwera kuti mpweya wambiri ulowe pansi pa galimoto. A FIA amafuna mphuno yotsika kuti pa ngozi isakwere pamwamba pa galimoto ina n'kukaomba mutu wa dalaivala. Mu 2012 anatsitsa mphuno koma gawo lakumbuyo kwake analisiya lokwera, ndiye magalimoto ambiri anatuluka ndi sitepe pamphuno. Mu 2014 anati nsonga ya mphuno itsike kwambiri. Mainjiniya anawerenga lamulolo bwinobwino, n'kuona kuti likunena za kansonga kokha. Mphuno yeniyeni anaisiya m'mwamba, kutsogolo n'kulendeweretsa kachala kokwaniritsa lamulo. Lotus inabwera ndi minyanga iwiri, wina wautali wina waufupi. Zimene ana a sukulu ankatchula mphuno za chaka chimenecho sindingazilembe pano.

Zitsanzo zina n'zambiri. Mu 1997 Tyrrell inaimika timapiko pa timitengo m'mbali mwa dalaivala poti lamulo linasiya mpata pamenepo, matimu ena n'kutengera, mpaka analetsa mu 1998. Chaka chomwecho cha 1998 magalimoto anachepetsedwa m'lifupi kuchoka pa mamita 2 kufika pa 1.8, matayala n'kudulidwa mizere kuti asagwire kwambiri. Pofika 2008 galimoto inali itamera tinyanga ndi timakutu thupi lonse. Mu 2017 kunabwera chipsepse chachikulu pamsana ndi kaphiko kopyapyala kooneka ngati hang'ala ya zovala, ndipo chaka chotsatira anazidula.

Chimodzi chokha ndimachiikira kumbuyo: halo ya 2018, chitsulo cha titanium chozungulira mutu wa dalaivala. Ife tinkaiseka kuti ndi chingwe cha patapata. Romain Grosjean atatuluka wamoyo m'moto ku Bahrain mu 2020, galimoto yake itaboola mpanda wachitsulo n'kuduka pakati, kuseka kunatha m'nyumba muja.

Mu 2009 anati akonza vuto la kupitirirana. Zinatheka?

Pang'ono chabe. Anameta tinyanga tonse tija, anakulitsa phiko lakutsogolo kuchoka pa mamilimita 1400 kufika pa 1800 n'kulitsitsa, lakumbuyo n'kulichepetsa kufika pa 750 n'kulikweza, matayala osalala n'kubwerera. Magalimoto anaoneka ngati ali ndi khasu la thirakitala kutsogolo.

Koma makoswe anali atapeza kale kabowo. Kumbuyo kwa mimba ya galimoto kuli gawo lotukuka lotchedwa diffuser, limene limatulutsa mpweya wapansi, ndipo malamulo atsopano analichepetsa. Matimu atatu, Brawn, Toyota ndi Williams, anapeza mawu m'malamulomo owalola kuboola njira yachiwiri pamwamba pake. Brawn inali timu yotsala m'manja Honda itachoka mwadzidzidzi, moti galimoto yake inali yoyera, pafupifupi yopanda otsatsa malonda. Jenson Button anapambana mipikisano 6 mwa 7 yoyamba n'kutenga chikho. Ena onse anatengera, ndipo downforce imene malamulo anachotsa inabwerera pamodzi ndi mpweya wovunduka uja.

Choseketsa n'chakuti mu 2017 a FIA okha anatembenuka, n'kukulitsanso magalimoto kufika pa mamita 2 ndi matayala onenepa, pofuna kuti azioneka aukali ndi kuthamanga kwambiri. Anathamangadi. Kupitirirana kunatsika pafupifupi ndi theka.

DRS si kubera kodi?

DRS, njira yotsegula phiko lakumbuyo pamsewu wowongoka, inabwera mu 2011 ngati kuvomereza kuti vuto lawakanika. Chaka cha 2010 McLaren inapeza njira yoti dalaivala azitseka kabowo ndi bondo, mpweya n'kupatukira ku phiko lakumbuyo n'kulifooketsa pamsewu wowongoka. Matimu ena potengera ankatseka ndi dzanja, kutanthauza kuti munthu akuyendetsa ndi dzanja limodzi pa liwiro loopsa. Analetsa, koma nzeruyo anaisunga: phiko lakumbuyo lizitseguka, drag ichepe, koma kwa yekhayo amene ali mkati mwa sekondi imodzi kumbuyo kwa mnzake, pa malo osankhidwa.

Kubera si kubera, poti lamulo linali la onse. Cholinga chinali kubwezera wotsatira mtunda umene wataya pa kona. Koma maganizo anga ndi akuti nthawi zambiri inkapitirira muyeso. Kupitirira mnzako pakati pa msewu wowongoka ngati ukudutsa lole pa N1 sikufanana ndi kulimbirana naye pa mabuleki. Ndipo anthu asanu akandandalikana, aliyense phiko lili lotsegula, palibe amene ankadutsa wina.

Magalimoto a 2022 aja anakwaniritsa lonjezo?

Chaka choyamba, inde. Malamulo a 2022 anabwezeretsa ngalande ziwiri pansi pa galimoto kuti downforce yambiri izichokera kumeneko, poti mimba simva msanga kuvunduka ngati mapiko. Anachotsa tizidutswa tambirimbiri tokankhira mpweya kunja, anaika malimu a mainchesi 18 m'malo mwa 13 n'kuwaphimba, ndipo phiko lakumbuyo analipinda kuti liziponyera mpweya wovunduka m'mwamba, uzidutsa pamwamba pa wotsatira. Cholinga chinali choti pa mamita 20 kutaya kukhale magawo 4 okha pa 100, pa mamita 10 magawo 18. Yerekezani ndi manambala a pa funso la dirty air. Mipikisano yoyamba, Leclerc ndi Max Verstappen ankasinthanasinthana malo ku Bahrain ndi ku Jeddah, ndipo ife tinaiwala kuti ndiwo zikuzizira.

Kunabweranso matenda amene magalimoto a 1980 ankadwala. Galimoto inkayamwidwa mpaka kutsala pang'ono kukhuza msewu, mpweya n'kutsamwa, kuyamwa n'kutha, galimoto n'kudzuka, n'kuyamwidwanso, kangapo pa sekondi. Mitu ya madalaivala inkangogwedezeka ngati ali m'bwato tsiku la mwera. Ku Baku chaka chimenecho Hamilton anatuluka m'galimoto atagwira msana. Mu 2023 anakweza milomo ya mimbayo ndi mamilimita 15.

Kenako nkhokwe inayamba kubooleka. Chaka ndi chaka mainjiniya anapeza njira zokankhiranso mpweya kunja ndi nsonga za phiko lakutsogolo ndi m'mphepete mwa mimba, ndipo pofika 2024 ndi 2025 madalaivala anayambanso kudandaula kuti kutsatira kwavuta. Maonekedwe nawo anayamba kufanana. Mu 2022 Mercedes inabwera ndi galimoto yopanda nthiti, zotupa za m'mbali mwa dalaivala zija, Ferrari ndi nthiti zokumbika ngati mbale, Red Bull ndi nthiti zotsetsereka. Njira ya Red Bull itapambana mipikisano 21 mwa 22 mu 2023, pafupifupi aliyense anaitengera. Mercedes inasiya yake ku Monaco chaka chomwecho.

Nanga malamulo a 2026 asintha chiyani?

Galimoto yafupikitsidwa ndi kuchepetsedwa. M'lifupi ndi mamilimita 1900 kuchoka pa 2000, mtunda wa pakati pa matayala akutsogolo ndi akumbuyo ndi 3400 kuchoka pa 3600, ndipo kulemera kovomerezeka ndi makilogalamu 768 pomwe mu 2025 kunali 800. Matayala apyapyala pang'ono. Ngalande zakuya za 2022 zachotsedwa, mimba yabwerera ku yafulatiko. Polengeza malamulowa mu 2024, a FIA anati akufuna downforce itsike ndi magawo 30 pa 100, drag ndi magawo 55.

Chachikulu n'chakuti mapiko onse awiri, lakutsogolo ndi lakumbuyo, tsopano amasuntha. Pamsewu wowongoka amagona, pofika pa kona amadzuka. Musawasokoneze ndi DRS, imene yachotsedwa: awa aliyense amawatsegula pa malo ovomerezeka, kaya ali kutsogolo kaya kumbuyo. Wotsatira mkati mwa sekondi imodzi amapatsidwa mphamvu yowonjezera ya magetsi m'malo mwake.

Chifukwa cha zonsezi ndi injini, osati kukongola. Mota ya magetsi yakwezedwa kuchoka pa makilowati 120 kufika pa 350, moti pafupifupi theka la mphamvu limachokera ku batire. Batire limatha msanga pamsewu wautali, ndiye galimoto yokoka mphepo yambiri ikanayamba kufooka isanafike pa kona. Kunena mwachidule, anayamba kugwirizana za injini, kenako n'kusoka mapiko oti ayikwane.

Malamulo akasintha, matimu ang'onoang'ono amapindula?

Kawirikawiri ayi, poyamba. Malamulo akakhala nthawi yaitali osasintha, onse amaphunzira za anzawo ndipo amayandikana. Akasintha, amene wamvetsa msanga amathawa yekha: McLaren mu 1998, Brawn mu 2009, Red Bull mu 2022. Ziwiri mwa zitatuzi zinali ndi Adrian Newey, munthu amene mpaka pano amajambula ndi pensulo. Dziko lino nalo linapereka katswiri wina kupatula Murray: Rory Byrne, wobadwira ku Pretoria, amene anaphunzira pa yunivesite ya Wits pompano ku Braamfontein, ndiye anajambula magalimoto a Benetton ndi a Ferrari amene Schumacher anatengera zikho zake zonse 7.

Kuyambira 2021 pali zingwe ziwiri zomangira olemera. Choyamba ndi malire a ndalama, amene anayambira pa madola 145 miliyoni pachaka. Chachiwiri ndi nthawi ya mu wind tunnel, chipinda chimene amayeseramo kagalimoto kochepetsedwa kufika pa magawo 60 pa 100 n'kukauzira mphepo. Kuyambira 2022, pamene matimu anali khumi, wopambana ankapatsidwa magawo 70 pa 100 a nthawi yoikika, womaliza 115. Mudziwe kufunika kwake poona chilango: Red Bull itapyola malire a ndalama a 2021, inalipitsidwa madola 7 miliyoni, komanso n'kudulidwa gawo limodzi mwa khumi la nthawi yoyesera.

Bwanji osangowapatsa galimoto imodzimodzi onse, tione dalaivala weniweni?

Mipikisano yotero ilipo. Ku Formula 2 onse amayendetsa galimoto ya Dallara. Ku IndyCar ku America anayesa kulola Honda ndi Chevrolet kupanga mapiko awoawo kuyambira 2015. Ndalama zinapita zambiri, magalimoto angapo a Chevrolet anauluka n'kugadabuka poyeserera Indianapolis 500 chaka chimenecho, ndipo mu 2018 anabwerera ku bodi imodzi ya onse, yodalira kwambiri mimba kusiyana ndi mapiko. Formula E, ya magalimoto a magetsi, imene inafika ku Cape Town mu 2023, ili ndi downforce yochepa, n'chifukwa chake amathamanga mothithikana ngati matakisi a pa renki ya Bree mu Johannesburg.

Formula 1 singatero poti kuli chikho cha opanga magalimoto, ndipo ndalama za mphoto zimagawidwa potengera chimenecho. Lamulo limafuna kuti timu iliyonse izijambula yokha zigawo za mphepo. Ine, monga munthu wa mabodi, theka la chisangalalo changa limakhala mu Febuluwale, magalimoto atsopano akamavundukulidwa.

Atabwera ku Kyalami, mpweya wa kuno ungawatani?

Kyalami ili ku Midrand, pamalo okwera mamita pafupifupi 1,500 pamwamba pa nyanja yaikulu, chimodzimodzi ndi ku Dedza. Amene anafika kuno kuchokera ku Nsanje kapena ku Nkhotakota akukumbukira wefuwefu wa sabata yoyamba. Mpweya wa pano ndi wopepuka ndi magawo pafupifupi 15 pa 100, ndipo mapiko amamva chimodzimodzi: downforce imatsika, drag imatsika, injini ndi mabuleki zimavuta kuziziritsa. Ku Mexico City, kumene kuli pamwamba kuposa mamita 2,200, matimu amaika mapiko aakulu a ku Monaco koma amagwira ngati a ku Monza. Kyalami ingakhale pakati: mapiko aakulu ndithu, ndi mabowo otulutsira kutentha otsegula kwambiri pa bodi.

Kale mpweya umenewu unkasankha wopambana. Injini wamba zinkabanika, za turbo zinkadzipopera zokha mpweya, ndipo Renault inapambana pano ndi René Arnoux mu 1980 ndi Alain Prost mu 1982. Chaka cha 1982 chomwecho madalaivala ananyanyala chifukwa cha ziphaso zawo, n'kukwera basi kukadzitsekera m'chipinda chimodzi ku Sunnyside Park Hotel, n'kugona pa matilesi pansi. Jody Scheckter, wa ku East London, anapambana pakwawo pano mu 1975, chaka chimodzi asanayendetse Tyrrell ya matayala 6, imene timatayala take tinayi takutsogolo anatichepetsa dala kuti tisagwire mphepo.

Formula 1 inathamanga ku Kyalami kuyambira 1967 mpaka 1985, n'kubwereranso mu 1992 ndi 1993. Mu 1993 Prost ndiye anapambana ndi Williams. Kuchokera apo Africa yonse sinalandireponso mpikisanowu. Kuti ubwerere, bwaloli liyenera kukwezedwa kufika pa Grade 1 ya FIA, ndipo pafunika wolipira ndalama zambiri zimene eni mpikisano amafuna chaka chilichonse. Bwalo la lero si la 1969 lija. Mbali ina ya malo akale panamangidwa maofesi. Koma limalandirabe mipikisano ina, ndipo kuchokera ku Park Station ndi Gautrain mpaka ku Midrand, kenako takisi. Mukadzapita, mudzaime pafupi ndi kona yothamanga, osati pa msewu wowongoka, n'kuyang'anitsitsa mphuno ya galimoto imene ili kumbuyo kwa inzake.